Kulipila basi kuti ukayende pansi

Ciwelu cina nditabwela ku Lusaka Playhouse, amalume anandifunsa kuti: "Mphwanga, walipila ndalama kuti upenyelele anthu olila monamizila? Kumalilo kulila n'kwaulele." M'mawa mwake nditawauza kuti ndipita ku Chilanga kukangoyendako m'tunjila twa kuthengo, anagwila pakamwa. Kwathu ku komboni, woyenda pansi ndi uja alibe ya basi. Nanga ine kulipila basi kuti ndikayende pansi?

Ndinaseka, koma funso lawo silinandicoke. Kodi wosauka ali ndi ufulu wotaya nthawi ndi ndalama pa cinthu cosabweletsa nsima?

Amalume sanalankhule zopusa. Ndalama ya tikiti ija ikanagula makala ndi kapenta, ndipo mwini nyumba safuna kumva za sewelo pakutha kwa mwezi.

Koma pali cina cimene umphawi umatilanda mwakacetecete. Umaphunzitsa maso kuika mtengo pa ciliconse. Ukaona munthu, uganiza: kodi agula, andibela, kapena andikongoza? M'sewelo muja munali mayi amene mwamuna wake anamwela malipilo onse. Kwa maola awili ndinamuyang'ana osafuna kanthu kwa iye. Kenaka ndinacita manyazi, cifukwa kulila komweko ndimakumva mwezi uliwonse kuseli kwa cipupa cathu, ndipo ndimangokweza wailesi.

Kuthengo nakonso zinali cimodzimodzi. Unali mwezi wa September, mitengo ya mombo itaphuka masamba ofiila. Ganizo langa loyamba linali lakuti: umu mungatuluke masaka angati a makala? Panapita ola lathunthu ndisanaone mtengo ngati mtengo.

Ena amati izi n'za azungu. N'zoona kuti m'nthawi ya atsamunda nyumba za masewelo zinali makalabu awo. N'cifukwa cake mu 1969 aphunzitsi ndi ophunzila a pa UNZA anayambitsa Chikwakwa, bwalo la masewelo la pamtetete, ndipo pambuyo pake anapeleka masewelo kumidzi m'zinenelo za anthu. Komanso makolo athu sanadikile kulemela kuti aonele Gule Wamkulu pabwalo, kapena kumvela nthano madzulo. Anali ndi njala zawo, koma anadziwa kuti munthu si mimba cabe.

Ine yankho langa ndi ili: unga ukatha, tikiti idikile. Koma kuyang'ana cinthu osafuna kucigula kapena kucigulitsa kusadikile, pakuti maso akazolowela kuwelengela phindu lokha, tsiku lina adzawelengela ndi mnansi wako yemwe.

Amayi a kuseli kwa cipupa aja tsopano ndimawapatsa moni, ndi kuima kuti ndimve yankho. Amalume ndawaitana kuti Sondo ikubwelayi tipite limodzi kuthengo. Avomela, bola ya basi ndilipile ine.