Kachilombo Kalibe Mlandu: Nanga Afunsidwe Ndani?

Matamando onse akuyenera Allah, amene adalenga mtengo ndi kachilombo kodya mtengowo, nachiikira chilichonse malire ake. Madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Inu akapolo a Allah, mzinda wathu wa Lichinga wazunguliridwa ndi mitengo ya paini ndi bulugamu. Mitengoyi si yakuno: idabwera ndi anthu kuchokera kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo lero imatipatsa matabwa, milimo ndi ganyu. Koma kumene mtengo wachilendo wafika, mdani wake sachedwa kuutsatira. Mu 1986 ku Malawi kudapezeka nsabwe zachilendo zoyamwa mitengo, zimene zidaumitsa mitengo ya saipuresi yambiri ndi kuvulaza mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Mu 2017 mbozi za ntchemberezandonda, zochokera ku America, zidalowa m'minda ya chimanga ya Mozambique ndi Malawi. Funso la Ijumaa ino ndi ili: chionongeko chimene palibe adachifuna, mlandu wake ngwa yani?

Kachilombo kalibe mlandu. Kwawo kumene kadalengedwa kali ndi adani ake, mavu ndi mbalame zimene zimakadya kuti kasachuluke. Umenewo ndiwo muyeso wa Mlengi. Koma kakakwera sitima m'mbande, m'matabwa kapena m'katundu, kamafika kudziko lopanda adani ake, nkuswana mopanda choletsa. Nyengo nayonso yasintha. Mtengo wa paini umadziteteza ndi utomoni, ndipo chilala chikaufooketsa utomoniwo umachepa. Kuzizira kumene kunkapha mazira a tizilombo kukachepa, tizilomboto timapulumuka tambiri. Ku British Columbia, m'dziko la Canada, kafumbwe wakomweko adaononga paini pa mahekitala oposa 18 miliyoni kuyambira m'zaka za m'ma 1990, dzinja litayamba kufunda. Ife amene timadalira chisanu cha June ndi July pa chitunda chino tisaiyese nkhani yakutali.

Wina anena kuti: zonsezi ndi chikonzero cha Allah, ife tingatani? Nzoona, tsamba siligwa popanda chifuniro Chake. Koma kumbukirani Khalifa Umar ibn al-Khattab. Ali paulendo wopita ku Sham adamva kuti kwagwa mliri, ndipo atafunsa maganizo a maswahaba adabwerera ndi anthu ake. Ena adadabwa ngati akuthawa chikonzero cha Allah. Iye adawaonetsa kuti kubwererako nakonso ndi chikonzero, monga mbusa amene amasankhira ngamila zake msipu wobiriwira nasiya wouma. Chikhulupiriro cha qadar chimatonthoza mtima pa zimene zadutsa. Sichimanga manja pa zimene zikubwera.

Wina anenanso kuti: amene adanyamula mbandezo sadafune choipa, ndipo ntchito imalipidwa malinga ndi niya. Apa ma ulama a fiqh adasiyanitsa zinthu ziwiri. Munthu akaononga chuma cha mnzake mwangozi, tchimo alibe, koma kubweza kumamukakamiza. Niya yoyera imachotsa tchimo, siichotsa ngongole. Ndipo umbuli umateteza munthu kufikira tsiku limene wadziwa. Amene wamva mawu awa lero sangadzanenenso kuti sindinkadziwa.

Ngongoleyi sitili nayo mofanana. Mlimi wa ku Sanga kapena ku Chimbunila sadadzaze mlengalenga ndi utsi monga mafakitale a mayiko olemera, ndipo Allah sadzamufunsa za katundu wa ena. Wamphamvu zambiri adzafunsidwa zambiri: boma, eni minda ikuluikulu ya mitengo, amalonda a matabwa. Koma kuchepa kwa gawo lathu sikulisandutsa chabe. Moto umene timayatsa m'tchire mwezi wa September posaka mbewa ndi wathu. Nkhwangwa imene ikumaliza mombo ndi msuku chifukwa cha makala ndi yathu. Nkhalango yachilengedwe, yokhala ndi mitundu yambiri, ndiyo nyumba ya mbalame ndi mavu odya tizilombo. Munda wa mtengo umodzi wokha ndi phwando lokonzera mdani mmodzi.

Choncho, abale ndi alongo, musatenge mbande, nkhuni kapena chimanga kuchokera kumene kwagwa tizilombo nkupita nazo kumene kulibe. Mukaona nsonga za paini zikufiira, kapena masamba a bulugamu atatupa timatuza, dziwitsani alangizi a zaulimi ndi zankhalango msanga, pakuti kubisa chilema chimene chidzapweteka mnansi ndi chinyengo. Pobzala, sakanizani ndi mitengo ya makolo athu. Dziko ndi amana m'manja mwathu, ndipo wosungitsidwa amafunsidwa.

Tikupempha Allah atipatse mvula yamadalitso, ateteze minda ndi nkhalango zathu, ndipo asatichite kukhala oononga pa dziko. Ameen.