Kodi Mbalame Yodza Pakhomo ndi Mlendo Kapena Ndiwo?

Chikhalireni Lilongwe likulu la dziko mu 1975, mitengo yambiri yagwa kuti nyumba zimangidwe ku Chinsapo, Area 23 ndi Area 25. Motero mbalame zasowa pokhala. Munthu akabzala mpapaya, mgwafa kapena mabulosi, nathira madzi m'phale, apumbwa ndi njiwa amafika. Tsono funso nali: kodi n'koyenera kuwatchera ulimbo kapena kuwalasa ndi legeni?

Ena amati ndiwo n'zosowa m'tauni, komanso pumbwa amajompha zipatso. Zoonadi. Komabe pumbwa yemweyo amadya tizilombo toononga m'dimba, namwaza njere za mitengo. Ndiponso kuitanira mlendo chakudya kenaka n'kumupha ndi chinyengo. Papaya limodzi lojomphedwa ndi malipiro ochepa kwa mbalame zimene tidazilanda malo.