Sipanala imodzi ndi mjigo wa kwathu



Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti munthu ngati ine, wopanda udindo komanso wopanda ndalama, sangasinthe kanthu pa dziko lino. Maganizo amenewa anagwedezeka pamene mjigo wa m'mudzi mwathu, kuno kwa Nsamala ku Balaka, unafa.

Unafa pa nthawi yoipa. Kolera yomwe inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 inali ikufalikira, ndipo pomatha inali itatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Tinkamva zimenezi pa wailesi, koma mayi anga ankatungabe madzi kumtsinje, chifukwa ukapopa mjigo unkangolira osatulutsa ngakhale dontho.

Ine ndinachitapo chiyani? Ndinalemba pa Facebook, kudandaula kuti atsogoleri atiiwala. Ma like anabwera ambiri ndithu. Madzi sanabwere.

Amene anatulutsa madzi anali mayi ena achikulire a m'komiti ya mjigo, omwe sukulu analekezera ku pulayimale. Anayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama, kenako anandiitana. "Mwanangu, njinga uli nayo. Pita kutauni ukagule kalabala aka." Nditabwerako anatsegula mutu wa mjigo ndi sipanala, ife anyamata tikusolola zitsulo chimodzichimodzi. Anachotsa kalabala kakutha, naikapo katsopano. Isanakwane Asr, ana anali akukanganirana pamzere ndi zigubu.

Pambuyo pake ndinamva kuti mijigo yambiri yomwe timapopa ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo inachokera pa mjigo wotchedwa Maldev womwe unayambira ku Malawi konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Anaupanga dala kuti anthu a kumudzi azitha kusintha okha tizipangizo tomwe timatha msanga, osadikira munthu wochokera kutali. Ndiye kuti mphamvuyo inali m'mudzi mwathu kuyambira kale, ife tikuyang'ana kumsewu.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti mayi aja anali ndi chiyani chomwe ine ndinalibe. Choyamba, ankadziwa kanthu kamodzi bwinobwino. Anaphunzitsidwa kukonza mjigo zaka zapitazo ndipo sanataye luso lawo. Chachiwiri, anthu ankawakhulupirira. Ine ndikanayenda ndi mbale yomweyo, ambiri akanati abwerenso mawa. Iwo anawapatsa chifukwa ndalama ya gulu sinasowepo m'manja mwawo. Amana imeneyi simangidwa tsiku limodzi. Chachitatu, anayamba asakudziwa ngati zitheka. Vuto likanatha kukhala paipi yong'ambika pansi, yofuna mekaniki ndi ndalama zambiri. Anatsegulabe kuti aone.

Ine ndinali ndi foni, satifiketi ya MSCE ndi mkwiyo. Mkwiyo ndinkauyesa mphamvu, eti.

Wina anena kuti si zonse zimakonzedwa ndi sipanala, ndipo akunena zoona. Chilala cha 2024 chomwe chinapsereza chimanga m'maboma ambiri, kapena kukwera mtengo kwa feteleza, si zoti mayi mmodzi angazithetse. Pamenepo kulankhula ndi kukumbutsa atsogoleri udindo wawo n'kofunika. Koma ndaona kuti nthawi zambiri timabisala kumbuyo kwa mavuto akuluakulu kuti tisagwire ang'onoang'ono omwe dzanja lathu likufikapo. Ena timafika pomati "ndi mmene Allah anafunira" pa chinthu chomwe chikungosowa kalabala. Zotsatira zili m'manja mwa Allah, inde, koma njinga inafunika woipalasa.

Panopa ndinalowa m'komiti ija, ndipo ndikuphunzira kusolola zitsulo osagwetsera m'dzenje. Mayi aja amandiseka kuti manja anga ndi a foni. Iwo akukalamba, ndipo mjigo udzafanso.

Nanga kwanuko chafa n'chiyani chomwe aliyense akudikira kuti wina adzakonze?