Mfundo Zisanu za M'kati mwa Boti

Pa doko la Swang'oma, m'mphepete mwa Nyanja ya Chilwa ku Phalombe, maso athu amathamangira penti ndi dzina lolembedwa pa boti. Koma mmisiri amaswera masiku ali chiweramire m'kati mwake. Tiyeni tiwerame naye, abale.

1. Nthiti ndizo zimagwira boti. Thabwa lililonse la kunja limakhomeredwa ku nthiti za m'kati. Nthiti ikakhala ya mtengo wofumbwa, mwera ukangoutsa mafunde misomali imazuka. Nthiti zathu ndi kukhulupirika ndi kudziletsa. Kodi tazisema ku mtengo wanji?

2. Kampata kakang'ono kamamiza katundu wamkulu. Mmisiri amatsendera thonje kapena chiguduli pakati pa matabwa, nathirapo phula lotentha, mzere ndi mzere, osadumpha. Amadziwa kuti madzi salowa ndi phokoso. Kabodza kamodzi, kangongole kobisira mnzathu wa m'nyumba, kodi si momwe mabanja amamirira?

3. Thabwa lokhalapo limamanga mbali ziwiri. Amalonda a matemba, makumba ndi milamba amalikhalira, ena amaliponda ndi matope popita ku chilumba cha Chisi. Komatu ndilo limaletsa mbali za boti kukanyuka. M'mudzi mwathu alimo anthu otero: agogo olera ana amasiye, ankhoswe oyanjanitsa okangana. Tidawathokozapo liti?

4. Tisiye malo okapira madzi. Palibe boti losalowa madzi. N'chifukwa chake mmisiri poyala matabwa a pansi amasiya danga pakati pa nthiti, kuti chitini chokapira chilowe. Nafenso tidzalakwa ndithu. Mtima wanzeru umasiya danga la mawu akuti "pepani" ndi akuti "ndakukhululukirani", madzi asanafike m'mawondo.

5. Nyanja ikauma, tikonze boti. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotuluka, ndipo idaphwa mu 1995 ndi mu 2018. Maboti adakhala pa matope ong'aluka, dzuwa likutsegula mipata ya matabwa. Koma madzi saiwala khwawa: mitsinje ya Phalombe ndi Sombani idasefukiranso, nyanja idabwerera. Amene adamata ndi kukhoma m'nyengo youma ndiye adayamba kupalasa. Ngati lero kwathu kwauma, tisagwire tsaya. Titenthe phula, titole nyundo, tilowe m'kati.