Mtengo wa pa Okushoni ndi Ubwino wa Chithunzi: Zojambula za Giovanni Boldini

Funso lakuti kodi mtengo umene chinthu chagulidwira ndiwo muyeso wa ubwino wake ndi lakale pakati pa akatswiri a zachipembedzo ndi a nzeru zakuya, koma limaonekera poyera kwambiri pa okushoni ya zithunzi zojambula pamanja, chifukwa kumeneko chinthu chosadyedwa, chosavalidwa ndiponso chosatchinga mvula chimagulidwa ndi ndalama zochititsa nthumanzi. Okushoni ndi malonda a mpikisano, amene katundu amaperekedwa kwa wotchula mtengo woposa anzake onse. Lisanafike tsiku logulitsa, kampani yoyendetsa malondawo imasindikiza buku la katundu mmene imalembamo mtengo woyerekeza, ndipo nthawi zambiri imapangana mwachinsinsi ndi mwini katunduyo za mtengo wotsikitsitsa umene angavomere. Pa tsikulo ogula amakwezerana mtengo mpaka onse atagwa mphwayi kupatula mmodzi, ndipo woyendetsa malonda amamenya kanyundo kake posonyeza kuti zatha. Chofunika kuchigwiritsa n'chakuti mtengo wotsirizawo sutuluka m'maganizo a khamu lonse, koma umaima pamene wopikisana wachiwiri walekera, kotero kuti umakhazikitsidwa ndi anthu awiri okha.

Zojambula za Giovanni Boldini zimathandiza kuunika nkhaniyi. Boldini anabadwira ku Ferrara, m'dziko la Italy, mu 1842, ndipo luso analiphunzira kwa bambo ake, amene ankajambula zithunzi zachipembedzo. Ali mnyamata anapita ku Florence, kumene anazolowerana ndi gulu la ojambula lotchedwa Macchiaioli, amene ankaumba chithunzi ndi madontho a kuwala ndi mthunzi m'malo motsatira malamulo okhwima a sukulu zaluso. Mu 1871 anakhazikika ku Paris, ndipo kumeneko anasanduka wojambula nkhope wokondedwa ndi anthu achuma, makamaka amayi a m'mabanja otchuka, amene ankawajambula ataliatali, makosi atasomphoka, nsalu za madiresi awo zikuuluka ndi mizere yothamanga ya burashi. Anamwalira ku Paris mu 1931, ali munthu wolemera ndi wodziwika.

Mu 2010, m'nyumba ina ya ku Paris pafupi ndi tchalitchi cha Trinité, munapezeka chithunzi cha mayi wovala diresi lofiirira mopepuka, atakhala pampando, nkhope atayang'ana kumbali, mapewa ali poyera. Nyumbayo inali ya Marthe de Florian, mkazi wochita zisudzo amene anamwalira mu 1939, ndipo inakhala yotseka kuyambira nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, pamene wolowa m'malo mwake anapita kummwera kwa France osabwereranso, ngakhale ankalipirabe lendi mpaka imfa yake. Chithunzicho chinali chisanaonetsedwepo pagulu, choncho panafunika umboni wakuti ndi cha Boldini. Umboniwo unapezeka pa kakhadi kamene Boldini analembapo mawu achikondi kwa mayiyo, komanso m'buku limene Emilia Cardona, mkazi wamasiye wa wojambulayo, anatulutsa mu 1951. Atachiika pa okushoni ku Hôtel Drouot mu Seputembala 2010, mtengo woyambira unali mayuro 300,000, koma chinagulidwa ndi mayuro 2.1 miliyoni.

Apa ndi pamene funso limakhwimira. Pa zaka pafupifupi 70 zimene chithunzicho chinakhala mumdima, penti wake sanasinthe, ndipo luso la dzanja limene linachijambula silinawonjezeke kapena kuchepa. Komabe nthawi yonseyo chinalibe mtengo uliwonse, popeza panalibe wochifuna. Kakhadi kaja sikanakongoletse mzere ngakhale umodzi pa chinsalucho, koma kakanapanda kupezeka, chithunzi chomwecho chikanagulidwa ndi kachigawo kochepa ka ndalamazo. Nkhani ya nyumba yotseka mwina inakokanso ogula. Motero ndalama zimene zinalipidwa zinagula zinthu zingapo pamodzi: penti ndi chinsalu, dzina lotsimikizika, mbiri yokopa mtima, ndiponso chisangalalo chogonjetsa wopikisana naye pamaso pa anthu. Ubwino wa chithunzicho unalimo ndithu m'zimene zinagulidwa, koma palibe angathe kunena kuti pa mayuro amenewo ndi angati amene anali a ubwinowo.

Augustine wa ku Hippo, m'buku la 11 la Mzinda wa Mulungu, anasiyanitsa miyeso iwiri. Muyeso woyamba ndi wa chilengedwe, umene umaika chamoyo pamwamba pa chopanda moyo, ndi cholengedwa choganiza pamwamba pa chosaganiza. Wachiwiri ndi wa kagwiritsidwe ntchito, umene umatsata zosowa ndi zilakolako za munthu, ndipo iye anaona kuti pa muyeso umenewu hatchi nthawi zina inkagulidwa modula kuposa kapolo, ndi mwala wamtengo wapatali kuposa mdzakazi. Chitsanzo chowawachi chikusonyeza kuti msika suyeza zinthu monga zilili pamaso pa Mlengi, koma monga zikufunidwira ndi amene ali ndi ndalama. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anatsatira maganizo amenewa pophunzitsa za mtengo wachilungamo, ndiye kuti mtengo umene sudyera masuku pamutu wogula kapena wogulitsa. Iye anati wogulitsa asabise chilema cha katundu chimene chingavulaze mnzake, ndiponso asakweze mtengo pongoona kuti wogula wapanikizika, chifukwa kusowa kwa wogulayo si katundu wa wogulitsa kuti augulitse.

Wina angaganize kuti chiphunzitso chimenechi chikutsutsa okushoni yonse, popeza okushoni imakhalira kukolezera chilakolako cha ogula. Koma aphunzitsi a ku Salamanca a m'zaka za m'ma 1500, monga Francisco de Vitoria, anasiyanitsa zinthu zofunika pa moyo, zimene mtengo wake uyenera kutetezedwa, ndi zinthu zongosangalatsa, zimene munthu amagula mwa kufuna kwake popanda chomukakamiza. Kusiyanitsaku n'komveka, ndipo n'kolondola. Amene analipira mayuro 2.1 miliyoni sanali ndi njala, sananamizidwe za dzina la wojambula, ndipo anali ndi ufulu wotsitsa dzanja nthawi iliyonse. Palibe kuba kumene kunachitika. Cholakwa chimayamba pambuyo pake, pamene mtengowo ukutengedwa ngati chigamulo cha ubwino, ndipo anthu ayamba kuona chithunzi kudzera m'nambala yolembedwa pansi pake.

Kuti nambalayo si chigamulo zimaoneka poyerekeza malonda ena awiri a zojambula za Boldini yemweyo. Chithunzi cha mtsikana Giovinetta Errázuriz, chojambulidwa mu 1892, chinagulidwa ku New York mu 2010 ndi madola opitirira 6.5 miliyoni. Chithunzi cha Franca Florio, mayi wa m'banja lolemera kwambiri la ku Palermo, chimene Boldini anayamba mu 1901 ndi kuchimaliza mu 1924, ndi chimodzi mwa zodziwika kwambiri pa ntchito zake zonse: mayiyo waima wamtali mu diresi lakuda, mkanda wautali wa ngale ukulendewera mpaka kupitirira m'chiuno. Komabe pamene chinagulitsidwa ku Rome mu 2017, pamodzi ndi katundu wina wa kampani imene inamira m'ngongole, chinapita pa mayuro opitirira pang'ono miliyoni imodzi. Anthu wamba anayesa kusonkherana ndalama kuti chithunzicho chikhale cha mzinda wa Palermo, koma sizinakwane. Sipangapezeke wodziwa zaluso wonena kuti chithunzi choyamba chimaposa chachiwiri kangapo konse pa ubwino. Chimene chinasiyana ndi malo, nthawi, ndi kulemera kwa matumba amene analipo. Malamulo nawonso amalowererapo, pakuti kuyambira kale, ndipo makamaka chikhazikitsire lamulo la 1939, boma la Italy lili ndi mphamvu yolengeza kuti chojambula china ndi chuma cha fuko, ndipo chikatero sichingagulitsidwe kunja kwa dzikolo, zimene zimachepetsa ogula ndi kutsitsa mtengo. Zikatero, chojambula chimatsika mtengo pa chifukwa chomwecho chakuti chaonedwa kukhala chofunika kwambiri.

Pali chitsutso chimene sichiyenera kunyozedwa, chakuti ngakhale malonda amodzi angasokere, msika umadzikonza pakapita zaka, ndipo mitengo imafika pogwirizana ndi maso a odziwa. M'menemu muli choonadi china. Giovanni Fattori, mmodzi wa atsogoleri a Macchiaioli, anamwalira ku Florence mu 1908 alibe chuma, koma timatabwa take ting'onoting'ono tojambulapo asilikali, ng'ombe ndi gombe la ku Livorno pambuyo pake tinayamba kufunidwa kwambiri ndi osonkhanitsa zojambula. Koma chitsanzochi chikusonyeza kuti msika unatsatira m'mbuyo mwa anthu amene anaona ubwinowo usanakhale ndi mtengo, ndipo iwo anauona ndi muyeso wina. Za Boldini mwini, odziwa zaluso sanamvanepo: ena amati ntchito zake ndi chikomekome cha mkuyu, kunyezimira kwa nsalu kopanda kuya kwa mtima, pamene ena amaona m'mizere yake yothamanga nkhawa ya mbadwo umene unali pafupi kusesedwa ndi nkhondo ya 1914. Mtsutso umenewu sungathetsedwe ndi kanyundo. N'zodziwikanso kuti zojambula za pensulo papepala zimagulidwa motsika kwambiri poyerekeza ndi zithunzi zazikulu za penti wamafuta, pamene m'menemo ndi mmene diso ndi dzanja la mmisiri zimaonekera popanda chophimba. Kukula kwa chinthu ndi kuyenera kwake pakhoma la chipinda chochezera zimalemera pa sikelo ya ogula kuposa zimene wophunzira luso amafunafuna.

Immanuel Kant, mu 1785, anaphunzitsa kuti chimene chili ndi mtengo chingasinthanitsidwe ndi china chofanana nacho, koma chimene chilibe chofanana nacho chili ndi ulemerero, ndipo ulemerero wotere anauika mwa munthu monga cholengedwa chotha kusankha chabwino. Chithunzi si munthu, choncho kuchigulitsa si tchimo; komabe chithunzi cha nkhope chimaima pamalire, chifukwa chimanyamula maonekedwe a munthu mmodzi amene sadzabadwanso. Marthe de Florian anachisunga chithunzi chake m'nyumba mwake mpaka imfa, ndipo chimene chinali kwa iye sichinalowe m'buku la okushoni. Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 12, umasimba za Mariya amene anadzoza mapazi a Yesu mafuta onunkhira, ndi za Yudasi amene anawawerengera mtengo wa madinari 300. Palibe pamene nkhaniyo ikunena kuti chiwerengerocho chinali cholakwika. Chimene chinadzudzulidwa n'chakuti anayeza ndi ndalama ntchito imene inachitidwa pa cholinga china. Funso limene Yudasi anadzutsa, lakuti ndalamazo zikanapatsidwa kwa osauka, ndi lenileni, ndipo limakhalabe pa chikumbumtima cha aliyense wokweza dzanja pa mamiliyoni, koma ndi funso la mmene wogula akugwiritsira ntchito chuma chake, ndipo silitiuza kanthu za chithunzicho.

Zina mwa ntchito za Boldini zinachoka pamsika kotheratu. Chithunzi cha wopeka nyimbo Giuseppe Verdi atavala chipewa chachitali ndi mpango woyera m'khosi, chimene anachijambula ndi choko cha mitundu pa 9 Epulo 1886, anachisunga yekha kwa zaka zambiri, kenako mu 1918 anachipereka ku Galleria Nazionale d'Arte Moderna ku Rome. Zojambula zambiri za papepala zimene anasiya m'nyumba yake yogwirira ntchito zinapita ku Ferrara kudzera mwa mkazi wake, ndipo mzindawo unatsegula nyumba yosungiramo ntchito zake mu 1935. Zimenezi sizikuyembekezeka kudzafika pa okushoni, ndipo amene amalemba mbiri ya Boldini amazidalira kwambiri pofuna kudziwa mmene ankaonera nkhope ya munthu asanaiveke nsalu zonyezimira.