Mwendo Ndi wa Yani?

Mlimi wa ku Bembeke akafuna ng'ombe yokoka ngolo sayambira pa nyanga kapena pa kusalala kwa chikopa. Amaiyendetsa kaye uku akuyang'anitsitsa mapondedwe ake, pakuti adziwa kuti njira za kumapiri a Dedza nzokwera ndi zotsetsereka, ndipo ngolo yodzaza matumba a mbatata ya kachewere simvera chisoni mwendo wotsimphina. Ng'ombe inenepe chotani, ikangokoka mwendo, mlimi amabweza ndalama zake m'thumba. Palibe amene amamunena kuti ngwankhanza. Nanga wosankhidwayo akakhala munthu, mnyamata waluso losowa amene bondo lake limatupa akathamanga, mlandu wake ungaweruzidwe chimodzimodzi?

Funso limeneli lakhala likusautsa eni matimu a basiketibolo a ligi ya NBA ku America. Kumeneko chaka ndi chaka matimu amasankha anyamata atsopano mosinthana, ndipo matimu amene sadachite bwino ndiwo amakhala ndi mwayi wosankha poyamba. Amene matimu akhala akumulimbirana kuyambira kale ndi wosewera wapakati, chimphona choposa mamita awiri chimene chimaima pafupi ndi mkombero wogoletsera, kutchinga adani ndi kuwakha mipira imene yalephera kulowa. Tsoka lake nlakuti thupi lotere ndi katundu wolemera pa mawondo ndi pa timafupa ta kuphazi, makamaka poti mwini wake amalumpha ndi kutera kosawerengeka pa masewero amodzi okha.

M'chaka cha 1984 timu ya Houston idayamba kusankha ndipo idatenga Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria. Yachiwiri idali Portland. Pamaso pake padali Michael Jordan ndi Sam Bowie, mnyamata wamtali mamita 2.16 amene adakhala zaka ziwiri osasewera ku yunivesite ya Kentucky chifukwa cha mng'alu m'fupa la msongolo. Portland idali kale ndi Clyde Drexler pa malo amene Jordan akadasewera, koma idalibe wapakati wodalirika. Idatenga Bowie. Miyendo yake idathyoka mobwerezabwereza, pamene Jordan adapatsa Chicago zikho zisanu ndi chimodzi. Mu 2007 Portland yomweyo idasiya Kevin Durant nkutenga Greg Oden. Mawondo a Oden adamlola kusewera masewero 82 okha m'zaka zisanu, chonsecho 82 ndi masewero a chaka chimodzi.

Wina atamva zimenezi angathe kunena msanga kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Adikire pang'ono. Mu 2014 Joel Embiid wa ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, adapezeka ndi fupa long'aluka m'phazi kutangotsala masiku ochepa kuti chisankho chichitike. Matimu awiri adamlambalala. Philadelphia idamtenga, nidikira zaka ziwiri zathunthu iye asadaponde bwalo. Mu 2023 adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligiyo, ngakhale bondo lidapitiriza kumvuta pambuyo pake.

Apa ndipo pali phata la nkhani. Anthu amakonda kuweruza chisankho poona mathero ake: Portland idapusa, Philadelphia idachenjera. Koma tsiku losankhalo matimu onsewa adali mumdima umodzi. Onse adamva madokotala, onse adayeza luso ndi ngozi, onse adaponya khasu asakudziwa ngati mvula idzagwa. Kutamanda mmodzi ndi kunyoza mnzake chifukwa cha zimene zidadza pambuyo ndi kuweruza mwayi, osati nzeru kapena khalidwe la wosankha. Mlimi amene wadzala ndi mvula yoyamba, ng'amba nkuwotcha mbewu zake, sasanduka chitsiru chifukwa mnansi wake wozengereza wakolola. Choyenera kufunsidwa nchakuti: kodi wosankhayo adafufuza zonse zimene zikadatheka kudziwika, ndipo adali wokonzeka kusenza zotsatira zake?

Pa mawu akuti kusenza, fanizo la ng'ombe lija likutha mphamvu. Ng'ombe ikalemala, wotaya ndi mlimi, ndiye kusamala kwake nkodziteteza yekha. Wosewera akalemala, otaya ndi awiri, ndipo sataya mofanana. Timu imataya ndalama ndi mwayi wosankha, zinthu zimene zimabweranso chaka chamawa. Mnyamata amataya mwendo umene adzayendere mpaka ukalamba. Nchodabwitsa kuti pokamba za Bowie ndi Oden anthu amadandaulira Portland, ngati kuti ndiyo idagona pa tebulo la opaleshoni.

Komabe mnyamatayo si mwanawankhosa wopita kokaphedwa. Naye amafuna kusankhidwa, ndipo amafunitsitsa. Bowie adaulula mu 2012 kuti pamene madokotala a Portland ankagogoda msongolo wake, iye adati sakumva kanthu, chonsecho ululu udalipo. Bodza ndi bodza, ndipo lidasokeretsa anthu amene adamkhulupirira. Koma amene adaonapo mwana wasukulu akubisa chilonda kuti asatsale paulendo wa timu sangafulumire kumgenda miyala. Kumene kunena zoona kumatsekera munthu khomo, achinyamata amaphunzira kukhala chete. Motero wosankha sangasambe m'manja ponena kuti mwini wake adavomera. Kuvomera kwa munthu amene akuopa kutaya mwayi wake wokhawo nkopepuka ngati mankhusu.

Kodi tsono njira yachilungamo ndiyo kukana aliyense amene ali ndi chipsera? Kutero nkulakwanso, pakuti nkulanga munthu chifukwa cha ngozi imene mwina sidzachitika. Amalawi ali ndi umboni wawo pa ntchemberembaye. Mwawi Kumwenda, amene adasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, adaduka mtsempha wa m'bondo mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia. Timuyo sidamtaye. Adachitidwa opaleshoni, nabwerera m'bwalo mu 2019, ndipo mu 2020 Vixens idatenga chikho itagonjetsa West Coast Fever 66 kwa 64, Mwawi nkutchulidwa katswiri wa masewero otsirizawo. Chimene chiyenera kutamandidwa pamenepa si chikhocho, popeza kusiyana kwa zigoli ziwiri kukadatha kugwera mbali ina. Nkudikira kuja. Timu yosankha wovulala imatenga ngongole ya nthawi, ndipo chisankho chake chimalungama pokhapokha ngati ikubweza ngongoleyo, ngakhale wosewerayo asadzabweze kanthu.

Nkhani imeneyi imafika pouma ikatsikira pa bwalo la sukulu ya kumudzi. Pakhale mnyamata wa Fomu 3 wa kufupi ndi phiri la Chongoni, wamtali koposa aphunzitsi ake onse, amene akaima pansi pa mkombero adani amasowa polowera. Bondo lake limatupa, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chisanu cha Dedza chimaumitsa thupi. Mpikisano wa sukulu za m'boma wayandikira. Mnyamatayu alibe pangano la ndalama ngati la Oden, amene adalipidwa ngakhale pamene sankasewera. Alibe dokotala wa timu. Bwalo lake ndi simenti yong'ambika kapena nthaka youma gwa. Akavulala, sukulu idzapeza wina chaka chamawa, koma iye adzafunabe bondo lomwelo potsikira kudimba, popalasa njinga ya katundu kupita ku msika, ndi poyenda mtunda wopita kukalemba mayeso a Fomu 4.

Mphunzitsi wa masewero sangabisale kumbuyo kwa mawu akuti mwana akufuna yekha, pakuti mwana wa zaka 17 saona patali kuposa Loweruka likudzali. Sangamuchotsenso mu timu mwakachetechete ngati ng'ombe yokanidwa pamsika, chifukwa luso nlake ndipo ali ndi ufulu wolikulitsa. Chimene angachite nchovuta kuposa zonse ziwirizi, ndipo sichibweretsa chikho. Amlembe m'timu, koma asamuvalitse yunifolomu mpaka bondo litaonedwa kuchipatala cha boma. Apite kwawo kwa mnyamatayo, akhale pamphasa ndi makolo ake pamodzi ndi malume ake, amene pa mwambo wa Achewa ndiye mwinimbumba, awafotokozere zimene waona popanda kuchepetsa kapena kuonjeza. Achipatala akati apume miyezi itatu, mpikisano wa chaka chimenecho upite, ndipo Lolemba m'mawa mphunzitsiyo akaime pamaso pa sukulu yonse kufotokoza chifukwa chake timu idagonja wamtali uja atakhala pabenchi.