Botolo la Mafuta ndi Thumba la Ufa



Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, inu a ku Mangochi, Makanjira, Salima ndi Nkhotakota, mwezi wolemekezeka wa Ramadhani watipezanso tili moyo, Alhamdulillah. Za niya, za daku ndi za zinthu zoononga swaumu mwazimva kawirikawiri m'mizikiti. Lero ndifuna tikambirane nkhani imene ena adzati ndi yopepuka, yosayenera kutuluka pakamwa pa shehe: nkhani ya mafuta odzola, mafuta onunkhira, paudala ndi zina zodzikongoletsera. Koma nkhaniyi yayambanitsa mabanja, ndipo ena mwa mabanjawo ndi a ana anu omwe, amene akukhala m'nyumba za lendi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri. Funso lake ndi ili: zinthu zikakwera mtengo, kodi Msilamu aleke kudzikongoletsa? Ndipo ngati pali chofunika kusiya, asiye ndani, nanga ayambire pati?

Poyamba timvetse chimene chadulitsa botolo. Zodzola zambiri za m'masitolo a ku Limbe ndi za pa mabenchi a mumsika wa Ndirande sizipangidwa kuno. Zimachokera ku South Africa, ku Tanzania, ku Dubai ndi ku China, ndipo wokazitenga amalipira ndalama zakunja. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi, imene ku banki inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Malipiro a mlonda, a telala, kapena phindu la mayi wogulitsa usipa pamsika sizinadumphe chomwecho. Pakati pa zimenezi, mu March 2023, namondwe Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe, ku Ndirande ndi madera ena a Blantyre kutatsala masiku owerengeka kuti Ramadhani iyambe, ndipo chaka chotsatira kunagwa ng'amba, chimanga n'kuvuta. Tsono munthu wa m'tauni alibe nkhokwe kuseri kwa nyumba, alibe ngalawa pagombe. Ufa amagula, makala amagula, madzi amagula pa ndowa, ndipo mwini nyumba sadziwa kuti kuli Ramadhani. Botolo la mafuta ndi thumba la ufa zikutuluka m'thumba limodzi.

Alipo ena amene yankho lawo n'lachidule: tayani zonse, kudzola n'kwa anthu okonda dziko. Amenewa ndikuwakana. Mu Surah Al-A'raf, ndime 31 ndi 32, Allah akulamula ana a Adam kuti azivala bwino popita kumalo opemphera, ndipo akudzudzula amene amaletsa zokongoletsa zimene Iye anapatsa akapolo ake. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) ankakonda mafuta onunkhira, sankakana munthu akam'patsa, ankapesa tsitsi ndi kulidzoza, ndipo anatiphunzitsa kusamba ndi kudzola zonunkhira tsiku la Ijumaa. Mswaki ndi sunna. Wanja wa m'maso ndi hina wa m'manja amayi athu akhala nazo kuyambira kale. Kudzola mafuta pakhungu sikuononga swaumu, ndipo palibe thawabu yapadera imene munthu amapeza poyenda wotuwa ngati wagona paphulusa. Koma ndime yomweyo ya 31 ikumaliza ndi kuletsa kupyola muyeso, kumene m'Chiarabu kumatchedwa israf. Nkhani yonse yagona pa muyesowo.

Ma ulama akale, monga Imam Al-Ghazali amene anamwalira m'chaka cha 1111 ndi Imam Al-Shatibi amene anamwalira mu 1388, anagawa zosowa za munthu m'magulu atatu. Pali zimene popanda izo moyo, chipembedzo kapena nzeru zimaonongeka, monga chakudya, mankhwala ndi pogona. Pali zimene popanda izo munthu safa koma amazunzika. Ndipo pali zongokometsera moyo. Lamulo lake n'lakuti gulu lachitatu lisadye lachiwiri, ndipo lachiwiri lisadye loyamba. Mwa ichi mudzaona kuti israf siyezedwa ndi mtengo wolembedwa pa botolo. Botolo lomwelo likhoza kukhala halali kwa mwini sitolo wa ku Limbe amene ana ake adya, ngongole alibe, zakaati wapereka, koma n'kukhala israf kwa munthu wa ku Bangwe amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Chinthu chimene chinali choyenera m'nyumba mwanu mu 2021 chikhoza kukhala chopyola muyeso lero, osati chifukwa Shariya yasintha ayi, koma chifukwa thumba lasintha.

Apa ndifuna ndikhalitse pang'ono ndi inu abambo, chifukwa ndikudziwa mmene mawu a shehe amagwiritsidwira ntchito akafika kunyumba. Wina awerenga kabuku aka, n'kuthamangira kwa mkazi wake: "Mwamva? Ashehe aletsa mafuta!" Ayi ndithu, sindinatero. Ife ambiri kuno timatsata madhihabu a Imam Shafi'i. Imam Nawawi, amene anamwalira mu 1277, m'buku lake la Minhaj al-Talibin anafotokoza zimene mwamuna ali wokakamizidwa kupatsa mkazi wake. Kuwonjezera pa chakudya, zovala ndi nyumba, anatchulamo zipangizo za ukhondo: chipeso, mafuta, chosambitsira m'mutu, ndi chochotsera fungo la thukuta. Zimenezi si mphatso yoti mkazi azigwadira, ndi gawo la nafaka, ngongole ya mwamuna. Koma wanja, hina ndi zina zongokongoletsa iye anazipatula, kuti mwamuna sakakamizidwa kuzigula. Taonani nzeru yake. Mzere unalembedwa kalekale, zaka zoposa 700 zapitazo, pakati pa ukhondo ndi zokometsera. Sopo ndi botolo la Vaseline kapena gilisalini zili mbali ino ya mzere. Mayi amene amachapa ndi manja, kutunga madzi m'bandakucha m'nyengo yachisanu ya ku Blantyre, kuphika pa mbaula ya makala mpaka zala kung'aluka, mafuta ake si chinyezi cha moyo wapamwamba. Mwamuna amene amachotsa zimenezi pa bajeti, n'kumati akupewa israf, wagwa m'dzenje lina lotchedwa kuumira, ndipo Surah Al-Furqan, ndime 67, ikuyamikira okhawo amene amayenda pakati pa maenje awiriwa.

Ndiponso tifunsane chilungamo. Pamene tikuwerenga mabotolo a pawindo la mkazi, kodi tawerenga zathu? Mayunitsi a foni othera pa mpira ndi macheza opanda mutu, mkanjo watsopano Idi iliyonse pomwe wa chaka chatha ukadali bwino, nsapato zachitatu, tiyi ndi chipisi za pamsika pomwe kunyumba ndiwo ndi masamba okhaokha. Za kubetcha pa mpira sindinena zambiri, imeneyo ndi juga, ndi haramu ngakhale kwacha ikanakhala yamphamvu ngati dola. Mpeni wodulira bajeti uyambe mbali ya amene wagwira mpeniwo. Mkazi akaona kuti mwamuna wake wadzimana, sadzavuta kusiya paudala wake. Koma akaona kuti akumanidwa yekha, ngakhale mum'werengere ndime khumi, mtima wake sudzamva.

Tsono inu amayi ndi atsikana, choyamba kuchoka pawindo chikhale mafuta oyeretsa khungu. Amenewa ndikanawaletsa ngakhale akanakhala aulere. Ife akuluakulu tikukumbukira masiku a Ambi, pamene nkhope inkayera koma khosi ndi zala n'kutsala zakuda. Lero mayina achuluka, koma nkhani ndi yomweyo. Ambiri mwa mafutawa amakhala ndi mankhwala otchedwa hydroquinone, ena mercury, ena mankhwala amphamvu oyenera kuperekedwa ndi dokotala yekha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza kuti mercury amaononga impso ndi mitsempha, ndipo amatha kufika kwa mwana amene ali m'mimba. Hydroquinone akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zovuta kuchotsa, ndipo enawo amapyapyalitsa khungu mpaka chilonda kuchedwa kupola. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990, ndipo Côte d'Ivoire inaletsa mafuta otere mu 2015. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choipitsitsa n'chakuti ukayamba, kusiya kumavuta, chifukwa khungu limabwerera moipa, ndiye mwezi ndi mwezi ndalama ya ndiwo ikupita ku botolo. Surah Ar-Rum, ndime 22, ikutchula kusiyana kwa zilankhulo ndi mitundu ya khungu kuti ndi zina mwa zizindikiro za Allah. Bilal (R.A.), muazini woyamba wa Chisilamu, anali munthu wakuda. Nanga ife tikufufuta chiyani? Koma apanso abambo musaseke. Atsikana ambiri amadzola zimenezi chifukwa anamva amuna akutamanda "woyera". Lilime lanu ndilo linatsegula msika umenewu.

Chachiwiri kuchoka ndi chilichonse chogulidwa pa ngongole. M'matauni muli amayi oyenda khomo ndi khomo ndi chikwama cha mafuta ndi perefyumu: tengani lero, mudzalipira pakutha pa mwezi. Kugula pa ngongole pakokha si haramu. Koma mwezi ukatha, lendi ili pakhomo, ndiye munthu amathamangira kwa wakatapila kuti abweze ngongole ya perefyumu. Katapila ndi riba, ndipo riba ndi tchimo lalikulu kwa wolandira ndi wopereka yemwe. Tangoganizani: munthu wasala tsiku lonse, wapirira ludzu la dzuwa, usiku waima pa taraweh, koma fungo limene lili pa zovala zake likubala chiwongoladzanja usiku womwewo. Mtumiki (S.A.W.) ankapempha Allah kawirikawiri kuti am'teteze ku ngongole, ndipo anafotokoza kuti wangongole amafika ponama ndi pophwanya lonjezo. Ndani wa ife sanaonepo mayi akubisala m'chipinda, n'kutuma mwana kuti akanene kuti amayi kulibe?

Zina n'zazing'ono, ndingozidutsa. Utoto wa m'zikhadabo umatchinga madzi, choncho udhu sukwanira mpaka utachotsedwa; hina satchinga. Ndipo mayi popita ku mzikiti sayenera kudzola zonunkhira, chotero m'mwezi uno wa taraweh botolo likhoza kupuma lokha.

Ndikudziwa kuti pali zondiyankha, ndipo si zonse zopanda pake. Mtsikana wogwira ntchito m'sitolo kapena mu ofesi ku Blantyre adzati: "Ashehe, ndikapita wosadzikonza, ntchito ithera pomwepo." N'zoona, ndipo kwa iye zina mwa zodzolazi zakwera kuchoka m'gulu lachitatu kufika m'lachiwiri, monga khasu kwa mlimi. Agule zokwanira ntchitoyo, koma asadzinamize kuti botolo lililonse ndi khasu. Mayi wina adzati: "Ndikaleka, bambo ayang'ana kwina." Mlongo wanga, mantha anuwo ndikuwamva, ndipo kudzikongoletsera mwamuna wako ndi chinthu chabwino m'chipembedzo. Koma mwamuna amene wagwiridwa ndi paudala yekha adzatengedwa ndi paudala wina. Matenda amenewo ali m'maso mwa bamboyo, ndipo Qur'an inalamula amuna kutsitsa maso awo isanalamule akazi. Palinso mlongo wathu wogulitsa zodzolazo, amene ana ake amadya kuchokera m'chikwama chija. Malonda ake ndi halali, Allah awadalitse, malinga achotsemo zoononga khungu ndipo asakakamize ngongole pa munthu amene akumuona kuti sangathe kubweza.

Tsopano ndibwere kwa inu eni ake a kabuku aka, makolo a kunyanja. Mwina mukuti, ife zikutikhudza bwanji, poti agogo athu ankadzola mafuta a nsatsi ndipo khungu linkasalala? Zikukukhudzani pa Idi. Masiku khumi omaliza a Ramadhani akafika, mafoni amayamba kulira ku Ndirande ndi ku Machinjiri: "Mwanawe, usaiwale mafuta aja unabweretsa chaka chatha, mwana wa uje watumizira mayi ake a ku Joni." Mwana amachita manyazi kunena kuti zinthu zathina. Amakongola, n'kukweza katundu pa basi ya ku Mangochi, inu n'kumayenda monyadira tsiku la Idi, osadziwa kuti mdzukulu wanu ku Zingwangwa akufutulu ndi madzi ndi mbatata imodzi. Surah At-Talaq, ndime 7, ikuphunzitsa kuti aliyense apereke molingana ndi zimene wapatsidwa, ndipo Allah sakakamiza munthu zimene sanam'patse. Ngati Mlengi sakakamiza, kholo lisakakamize. Ndipo mtsikana wa m'tauni akabwera kumudzi wosanyezimira monga kale, alamu ndi azakhali asayambe kunong'onezana kuti ukwati wam'kanika. Manong'onong'o amenewo ndiwo amabweza anthu kwa wakatapila, komanso ndi miseche, imene imadya thawabu za swaumu.

Muwaimbire ana anu sabata ino, mwezi usanafike pakati, iwo asanayambe kukongola. Muwauze ndi pakamwa panu kuti chaka chino simukuyembekeza perefyumu kapena mafuta odula, ndi kuti ayambe alipira lendi ndi fizi. Muwakumbutse za Zakaatul Fitr, imene ndi muyeso wa sa' imodzi ya chakudya chimene anthu amadya m'deralo, pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu a chimanga kapena mpunga pa munthu aliyense wa m'nyumba, kuphatikizapo khanda, ndipo iperekedwe swala ya Idi isanachitike. Ikatsala ndalama pambuyo pa zimenezi, atumize sopo, shuga ndi botolo limodzi la mafuta wamba. Ndipo ngati nyanja yakukomerani, basi yomweyo yobwerera ku Limbe itengeko kathumba ka usipa wouma ndi mpunga pang'ono, adzukulu akadye pa Idi.

Wassalamu alaikum warahmatullah.